Nkhosa Zosalira za pa Mpata

Skarma ankanyamula balere, mbewu yonga tirigu, pa mahatchi awiri kukasinthanitsa ndi ubweya wa mbuzi kwa abusa akumtunda. Tsiku lina pa ulendowo mphepo inamuchedwetsa, choncho anagona m'kanyumba ka miyala ka m'munsi mwa mpata wa phiri. Anakoleza moto wa ndowe, n'kutereka tiyi wa batala.

Tiyi asanawire, mahatchi anayamba kupalasa pansi.

Skarma anasuzumira panja. Mwezi unali mbee. Chigwa chonse chinali nkhosa zokhazokha, iliyonse itabereka timatumba tiwiri. Nkhosa mazanamazana, koma osamveka kulira ngakhale imodzi. Ziboda zikuponda miyala, phokoso ayi.

"Odi, eni moto!"

Pakhomo panaima mwamuna wovala chikhoto chachikopa, ndevu zili gwa ndi madzi oundana.

"Lowani, achimwene. Mukuchokera kuti ndi kuzizira kumeneku?"

"Ku nyanja ya mchere. Tandigawireniko balere, kunyumba akundidikira."

Skarma anaseka. "Mchere wa pamsana pa nkhosa? Aa, inunso! Zimenezo zinatha kalekale. Masiku ano mchere umabwera pa lole."

Mlendoyo sanaseke. Anakhala pafupi ndi moto, pafupi kwambiri, mawondo akukhudza makala. Ndevu zake sizinasungunuke. Skarma akapuma, m'kamwa munkatuluka nthunzi. Mwa mnzakeyo simunkatuluka kanthu. Skarma anam'patsa tiyi wotentha. Atangomulandira, tiyiyo anauma gwa m'kapu.

 Skarma anangokankha thumba la balere ndi phazi. Munthuyo analinyamula ndi dzanja limodzi, n'kusiya katumba ka mchere pakhomo.

"Mwandithandiza," anatero. "Ndakhalitsa m'njira."

Skarma sanaphethire mpaka kunja kunacha. Potuluka sanapeze phazi la munthu, chiboda, ngakhale kandowe kamodzi. Za ubweya anaziiwala. Anatola katumba ka mchere kaja n'kubweza mahatchi, ulendo wa kumudzi.

Amayi ake, a Yangdol, anali padenga akuyanika zipatso. Atatsika n'kuona katumbako, anakanyamula n'kukayang'anitsitsa. M'dera limenelo mwamuna aliyense amaluka matumba ake ndi mizere yakeyake. Chala cha amayiwo chinatsata mizereyo: iwiri yakuda, umodzi wofiira.

"Wakatenga kuti?"

Skarma anafotokoza zonse.

"Awa ndi manja a bambo ako. Ananyamuka kukatenga mchere wosinthanitsa ndi balere ine ndili ndi pakati pako. Chipale chofewa chinawakwirira pa mpata pomwepo, iwo ndi nkhosa zonse. Sitinapeze ndi fupa lomwe."

Amayiwo anamuyang'ana Skarma m'maso.

"Ndiuze, mwanangu. Balereyo unawapatsa?"

"Thumba lathunthu, amayi."

"Mayo ine! Anandilumbirira kuti sadzaponda pakhomo pano chimanjamanja, opanda balere. Tsopano apeza chobwera nacho."

Madzulo amenewo anthu anatseka zitseko dzuwa lisanalowe. Agalu onse a m'mudzimo anaima kuyang'ana njira ya kumtunda, michira ili pakati pa miyendo, ndipo palibe anauwa.