Kiyibodi ya Kwaya M'chigafa cha Apongozi

Kiyibodi ya kwaya inasowa Lolemba masana, anthu onse ali kumunda. Loko wa tchalitchi sanathyoledwe. Wakubayo anatsekula ndi kiyi, ndipo kiyiyo inkakhala pamsomali m'nyumba mwa a Yobe, mkulu wa mpingo.

Wakubayo anali mkamwini wawo, Fumbani.

Fumbani ankakonza mafoni pamsika wina kufupi ndi Kaluluma. Anakulira m'tauni, za fodya ankangozimvera fungo. Mtima wake unali pa kagemu kam'manja kakalekale kamene anakatola m'kaunjika. Kankayaka bwinobwino, koma kanalibe katiriji, kabokosi kolowetsa kumsana komwe mumakhala masewera. Analumbira kuti apanga yekha. Anadula kabolodi ka wailesi yakufa, nalumikiza timawaya ndi mtovu, chikuto nasema kuchokera ku chigubu. Chinatsala n'chimodzi: kachipu kosungiramo masewerawo. Anafunafuna, mpaka anakumbukira kuti anakaona m'kiyibodi ya kwaya tsiku lomwe anaikonza batani.

"Ndingobwereka," anadzinamiza. "Ndidzabwezeramo kena."

Anaitsekulira m'chigafa cha apongozi ake, kumene fodya ankauma. Anatenthetsa chowotcherera pambaula n'kuzula kachipuko. Koma chowotchereracho chinatentha kwambiri, bolodi inapserera. Kiyibodi inafa. Mantha atamugwira, anaikulunga m'chiguduli n'kuikankhira pamwamba, kuseri kwa fodya. Ankaganiza kuti masambawo akhala pamenepo mpaka mwezi wamawa.

Mwana wa m'tauni! Sankadziwa kuti fodya wouma amangodikira chinyezi. Lachitatu kunawaza kamvula, masamba anafewa, ndipo m'mawa mwake aganyu anadzatsitsa fodya kuti asankhe. Chiguduli chinagwa pamaso pa anthu, awiri mwa iwo a kwaya.

Pofika masana a Yobe anali kupolisi.

"Kiyi amasunga ndani?" anafunsa Sajeni Fainala.

"Ine."

"Chigafa n'chayani?"

"Changa."

"Ndiye tinene kuti mwaba ndinu, bambo?"

A Yobe anayang'ana pansi. "Lembani zimene mwaona, mayi."

Tsiku lomwelo katiriji inagwira ntchito. Fumbani anailowetsa, kagemu kanalira, kamunthu kanayamba kudumphadumpha pagalasi. Chimene anachilakalaka miyezi yonseyi chinali m'manja mwake, koma chinamunyansa. Manyazi anamudya. Anakazimitsa.

Mkazi wake Phyllis anabwera kuchokera kupolisi maso ali psuu.

"Akuti Lamulungu awachotsa pa ukulu wa mpingo," anatero. "Bambo anga, munthu wosatola ngakhale chimanga chogwa pangolo! Ndawafunsa kuti ndani analowa m'chigafa, akuti ndisiye. Inu simunaoneko munthu?"

"Ayi," anayankha Fumbani.

Apa m'pamene anakumbukira. Lolemba lija, akutuluka m'chigafa, apongozi ankabwera ndi njira ya kudimba. Fumbani anapatuka mwaulemu monga achitira mkamwini. Mkuluyo anaona mbaula ili m'manja mwake, koma sanafunse kanthu.

Loweruka m'mawa Sajeni Fainala anafika pabenchi ya Fumbani kumsika, kiyibodi ili kukhwapa. Anaitsekula.

"Achimwene, ndithandizeni nzeru. Mbala yanji imasiya kiyibodi yonse n'kuzula kanthu kamodzi? Mkulu uja ngakhale batire la foni amachita kumuikira. Kuno amawotcherera ndi mtovu ndani?"

Fumbani akanatha kutchula wokonza mawailesi wa kutsidya kwa msewu. Dzinalo linafika pamlomo. Koma m'maganizo anaona apongozi ake atakhala pasimenti kupolisi, akusenza mlandu wa mwamuna wa mwana wawo.

Anatsegula kabati, natulutsa katiriji.

"Kali m'menemu. Atulutseni bambo."

Sajeni anaitembenuza kawiri. "Zonsezi chifukwa cha kachidole aka?"

Fumbani anangopereka manja.

Kupolisi Fumbani ndi apongozi ake anakumana pakhomo, wina akutuluka, wina akulowa. Fumbani anagwada, unyolo uli m'manja. Ankafuna atukwanidwe, ngakhale kumenyedwa khofi, kuti mwina mtima upepuke. A Yobe sanamuyang'ane. Anavula jekete lawo la ku tchalitchi, lomwe anagonera masiku onsewo, napatsa Phyllis, yemwe anabwera kudzawatenga.

"Apatse amuna ako," anatero. "M'katimo mumazizira."