Amene Anaphwetsa Matayala Anga

Ndayendetsa bugi, kagalimoto kopanda denga koyenda mumchenga, pagombe la kwathu ku Ceará zaka khumi ndi zinayi, ndipo sindinatayepo ngakhale chipewa cha mlendo. Ndikunena dala zimenezi, chifukwa nkhani ndikufuna kufotokozayi imandionetsa ngati wophunzira wa dzulodzuloli. Dzina langa ndi Jucilene. Pa madalaivala makumi atatu amene timayendetsa alendo mumchenga, wamkazi ndine ndekha, ndipo pakamwa panga onse amapadziwa.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi a Abdias, mkulu wina wouma ngati nsomba yamchere. Anandikana katatu, akuti mkazi ndi chiwongolero n'zosayenderana. Kachinayi anangondiponyera makiyi. Phunziro lawo loyamba linali la matayala. Tayala lolimba ndi la pa tara, mumchenga limakumba dzenje. Iwo analibe chida choyezera mpweya. Ankagwada, kuchotsa kachivindikiro ka pa valavu, kukaponya m'thumba la malaya, kenako kukanikiza valavuyo ndi mtengo wa machesi kwinaku akunena pemphero la Tikuoneni Maria. Pemphero limodzi, tayala limodzi. Akamaliza onse anayi ankamenya kumbuyo kwa bugi kawiri ndi chikhatho, kutanthauza kuti nyamuka. Tizivindikiroto nthawi zambiri ankaiwala kubwezera, moti akazi awo ankatipeza madzulo pawindo pamene mkuluyo ankakhuthulira za m'thumba.

A Abdias anamwalira mu Januwale, nyengo imene alendo amakhala mbwee. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinanyamula alendo, ndikuti ndibwerako msanga. Sindinabwereko msanga. Pofika ndinapeza anthu akuchokera kumanda. Kuyambira pamenepo ndinkalambalala nyumba ya mayi Socorro, akazi awo, chifukwa cha manyazi. Zaka ziwiri zinatha choncho.

Tsiku ndikunenali linali Lolemba wamba. Mlendo wanga anali mmodzi, mayi Efigênia, a zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, ochokera kumapiri a ku Minas. Anali asanaonepo nyanja chibadwire. Madokotala anali atawang'amba m'chiuno chaka chapitacho, moti ankayenda ndi ndodo, ndipo kuti akwere bugi ndinkachita kuwanyamula. Mwana wawo anatsala kunyumba ya alendo, dzuwa litamuwotcha msana mpaka matuza. Ine ndinawatenga mayiwo kupita nawo kutauni kukagula mankhwala ndi nsalu zoluka. Popeza ulendowo unali wa pa tara, ndinauza wa pamalo omwetsera mafuta kuti andipopere matayala, ine n'kupita kukaperekeza mayiwo kuchimbudzi. Apa ndi pamene panabisala njoka. Ife a mumchenga matayala athu amakhala ophwetsa chaka chonse, ndiye mutu unazolowera kuti ndi ophwetsa basi.

Pobwerera, titafika pamphambano yotsikira kugombe, mayiwo anandigwira mkono.

"Mwana wanga, tara ngakhale kwathu aliko. Ine ndabwerera madziwa."

Ndinayang'ana pepala la nthawi za nyanja limene ndimamata pafupi ndi chiwongolero. Nyanja iyamba kudzaza cha m'ma faifi. Njira ya kugombe imadutsa m'munsi mwa zipupa zazitali za dothi lofiira, ulendo wa mphindi makumi awiri. Nthawi inalipo, ndipo mchenga wonyowa wa m'mphepete unali wolimba bwino. Ndinavomera.

Tili pakati pa njira anandipempha kuti ndiime. Ndinawanyamula mpaka pamadzi. Anaviika phazi, kenako chala, n'kulawa.

"Ndiye mcherewu amathiramo ndani, wochuluka chonchi? Ameneyo kuphika sadziwa."

Tinaseka. Kenako kuseka kuja kunasanduka misozi. Amuna awo anawalonjeza ulendo wa kunyanja ali pachibwenzi, ndipo anamwalira asanakwaniritse. Anayamba kuwafotokozera malemuwo mmene nyanja ikuonekera, ngati munthu ali pafoni. Ine amene ndimathamangitsa alendo ojambula zithunzi ngati ndikuthamangitsa nkhuku, tsiku limenelo sindinawafulumizitse. Ndinawasiya alire. Pamene ndimayang'ana wotchi, ola lathunthu linali litapita.

Kwathu dzuwa likalowa mdima suchedwa. Usiku umenewo kunalibe mwezi, ndipo mwezi ukakhala mumdima nyanja imadzaza mpaka kumenya zipupa zija. Ndinkadziwa. Ndinayatsa nyali n'kuponda mafuta. Mchenga wolimba unali utamira kale, ndiye ndinakhotera kumtunda, kumchenga wofewa wa m'tsinde mwa chipupa. Bugi inayenda pang'ono, inalira, n'kukhala pansi.

Ndinabweza kumbuyo. Inatitimira. Ndinaika giya yoyamba. Inatitimiranso. Ndinatsika n'kuyamba kukumba ndi manja ngati galu. Ndinaika makungwa a kokonati pansi pa matayala, matayalawo anangowalavula. Zoti ndinapopa kutauni sizinandifike m'mutu ngakhale pang'ono. Foni inalibe netiweki, pansi pa zipupazo siipezeka. Kumanzere nyanja, kumanja chipupa chotalika kuposa tchalitchi. Funde loyamba linandinyambita zidendene n'kubwerera.

Ndekha ndikanatha kuthamanga, mwina n'kufika kotseguka madzi ali m'chiuno. Koma mayiwo sakanayenda, ndipo kuwabereka mtunda wonsewo m'mafunde kunali kudzinamiza. Iwonso anaziona.

"Jucilene, thamanga iwe. Ine ndaiona nyanja, zanga zatheka."

"Mayi, khalani chete. Sindinatayepo chipewa cha mlendo, ndiyambire kutaya mlendo wathunthu?"

Ndinalankhula molimba. Ndinakwera, ndinayesanso, injini inazima. Funde lachiwiri linadutsa pansi pa bugi. Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri, mutu uli mbuu. Sindinapemphere, ndisaname. Ndinkangoganiza za mwana wawo uja ali kunyumba ya alendo, akudikira mayi ake ndi mankhwala opaka pamsana.

Ndiye ndinamva mpweya ukutuluka kumbuyo, mbali yanga. Tsiiii.

Poyamba ndinati tayala laboola. Koma pansi pa phokosolo panali mawu. Munthu ankang'ung'udza, mawu okalamba, othamangitsa pemphero ngati wazolowera. Mpweya unasiya pamene pemphero linathera. Kunamveka mapazi akuyenda m'madzi, kuzungulira kumbuyo. Tsiiii, tayala lachiwiri.

Tsitsi linandiima. Pomwepo ndinakumbukira za kutauni, za kupopa kuja, ndipo manyazi ndi mantha zinandigwira pamodzi. Kutembenuka ndinalephera. Ndinangoponya diso pa kagalasi. Munali mdima, koma ndinaona msana wa munthu atagwada, malaya oyera, chipewa cha mlaza. Fungo la fodya wopichira linandipeza, pamphepo yonse ija.

Mayi Efigênia analibe nazo mantha. Iwo ankaona munthu wachifundo basi.

"Mulungu akudalitseni, bambo. Mwatsikira pati pamenepa? Samalani, munyowetsa buluku."

Munthuyo anabwera kutayala lakutsogolo, mbali ya mayiwo. Mayiwo anaweramira kunja n'kumacheza naye motsitsa, mafunde akundibisira mawu. Kenako anadutsa kutsogolo kwa bugi. Nyali zinali zoyaka. Zinaunika mchenga, thovu la madzi, chipupa chofiira. Munthu sindinamuone akudutsa, komabe mpweya unayamba kutuluka pa tayala la mbali yanga, pafupi ndi bondo langa lenileni. Ndikanatambasula mkono ndikanakhudza chipewacho. Ndinatsinzina. Pemphero lachinayi ndinalinena naye limodzi, mumtima.

Kenako kumbuyo kwa bugi kunamveka chikhatho, kawiri.

Thupi linachita lokha. Ndinaliza injini, inayaka. Giya yachiwiri, phazi mofatsa, monga ndinaphunzitsidwira. Bugi inadzuka m'dzenje muja ngati ng'ombe yodzuka m'khola. Koma kutsogolo madzi anali atatseka kale njira, mafunde akumenya chipupa. Mayiwo analoza ndi ndodo yawo.

"Akuti ukhotere apo, pamene aimapo."

Ine sindinaone munthu. Ndinaona mpata wakuda pachipupa, ngalande imene timaitcha Njira ya Mbuzi. Palibe dalaivala amakwerapo. A Abdias okha ankadzitama kuti anakwerapo kamodzi ali mnyamata, ndipo tonse tinkati ndi nkhani za pa mowa. Ndinakhotera pomwepo. Bugi inapendekeka, inabangula, mchenga ukugumuka m'mbali. Matayala ofewa aja anagwira. Sindinachotse phazi. Mayiwo ankaitana oyera mtima mmodzimmodzi, ena sindinawamvepo. Tinatulukira pamwamba, pakati pa mitengo ya kashu, nyali za mudzi wathu zikuoneka patali.

Ndinazimitsa injini. Pansi paja, pamene tinatitimira, panali nyanja yokhayokha.

"Tiwadikire bambo aja," anatero mayiwo. "Ndili ndi timikate ta tchizi m'chikwamamu, ndiwapatseko."

"Sabwera, mayi."

"Amakudziwa bwino, eti? Anandituma mawu. Akuti ndimuuze mwanayu kuti za maliro zija anaiwala kalekale, asamalambalale nyumba. Koma za matayalazi akuti wawachititsa manyazi." Anandiyang'ana. "Maliro ake a ndani?"

Ndinatsamira pachiwongolero n'kulira ngati mwana, mayi amene ndimafuna kuwapulumutsa aja n'kumandisisita msana. Nditatsika kuti ndione matayala, onse anayi anali ofewa mofanana, muyezo weniweni wa mumchenga. Tizivindikiro tonse panalibe.

Kutacha nkhani inali itafika kale pamalo athu oimikapo mabugi. Anyamata anapita kukaona Njira ya Mbuzi, anapeza mikwingwirima ya matayala anga ikutuluka pamwamba. Wina anati ndinaphwetsa ndekha, mantha anandiiwalitsa. Wina anati anali msodzi wochedwa. Koma Nonato, amene amandinyoza tsiku lililonse kuti ndimayendetsa ngati ndanyamula mazira, anavula chipewa n'kunena motsitsa kuti dzulo linali Lolemba, tsiku limene timayatsira makandulo mizimu ya akufa, ndipo mkulu uja sankasiya wophunzira wake panjira. Palibe anaseka.

Ine ndinapita kumene ndinakhala ndikukulambalala zaka ziwiri. Mayi Socorro ndinawapeza pakhonde akuluka nsalu. Sanadabwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wabwera? Ndimati mwina msewu uno unatsekedwa."

"Mayi, ndinalakwa. Tsiku la maliro lija..."

"Khala pansi, khofi akadali wotentha. Zimenezo n'zakale." Analowa m'nyumba, anatuluka atafumbata kanthu. "Ndadzuka m'mawa ndapeza mchenga wonyowa pakhomo mpaka pawindo. Ndasesa, ndikumutukwana mkulu uja monga kale. Munthu zaka makumi anayi ndikumuuza kuti azipukuta mapazi."

Anatambasula dzanja. Munali tizivindikiro tinayi. Kamodzi kanali kofiira, kamene ndinagula nditataya kakuda, ndipo ndinakadziwa pomwepo.

"Ndi tako?"

"Ndi tanga, mayi."

"Tenga. Ukamuthokoze wekha, manda ukuwadziwa pamene ali."

Ndinapita madzulo omwewo ndi kandulo, pamodzi ndi mayi Efigênia, amene anaumirira kuti timikate tawo tikasiyidwe pamtanda. Nditawaonetsa chithunzi cha pamandapo anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti chipewa n'chomwecho. Mpaka lero amanditumizira tchizi cha kwawo Khirisimasi iliyonse.

Ndimathokoza, ndipo sindichita nazo manyazi kunena. Lolemba lililonse ndimadzera kwa mayi Socorro kukamwa khofi. Chida changa choyezera mpweya ndinapatsa Nonato. Ndikachokera pa tara n'kufika pamphambano yotsikira kugombe ndimaima, alendo adandaule asadandaule, ndimagwada ndi mtengo wa machesi, pemphero limodzi tayala limodzi. Ndikamaliza lachinayi ndimakwera, n'kudikira pang'ono ndisanalize injini. Alendo amafunsa kuti tikudikira chiyani. Ndimawauza kuti palibe, koma khutu limakhala lili kumbuyo kwa bugi.