Mlendo wa pa Shelefu ya Pansi

Ana a pasukulupo ankamutchula kuti Namabuku, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka ahedi omwe anaiwala lake lenileni. Anali mphunzitsi wa kalasi ya ana aang'ono, koma makiyi a laibulale ankasunga ndi iye.

Tsiku limenelo anzake onse anaweruka dzuwa likadalipo. Iye anatsala. Kunali kutabwera makatoni asanu a mabuku atsopano, ndipo ahedi anali atalamula kuti pofika m'mawa buku lililonse likhale pamalo pake.

Ntchitoyo sinali yovuta, koma inali yofuna mtima. Ankatsegula buku, kuwerenga tsamba limodzi, kumva kulemera kwa mawu ake, kenako kumata kapepala kumsana kwake. Kobiriwira kanali ka oyamba kumene, aja owerenga ndi chala. Kachikasu kanali ka amene ayamba kuyenda okha. Kofiira kanali ka akuluakulu, odya masamba ngati mbuzi. Mabuku obiriwira ankawaika pa shelefu ya pansi kuti timanja tating'ono tizifikira, achikasu pakati, ofiira pamwamba.

Chisisira chitagwa, mng'ono wake anaimba foni.

"Achemwali, kodi lero mugona komweko?"

"Yatsala katoni imodzi yokha. Ana adye, asandidikire."

"Inu mudzakwatiwa ndi mabukuwo."

"Bola amenewa salonjeza zabodza," anayankha Namabuku, onse n'kuseka.

Atangoika foni pansi, magetsi anathima. Anafufuza mu dirowa, napeza kandulo yotsala theka, n'kuiimika pa chivindikiro cha botolo la guluu. Mlonda anadutsa pawindo ndi tochi yake.

"Madamu, ine ndili kugeti. Ndakhoma. Mukamatuluka mundiitane."

Mapazi ake anazimirira. Kunja kunangoti zii. M'chipindamo munkamveka kulira kwa selotepi ndi kuphethira kwa masamba basi. Namabuku anamata, nasanja, namata, nasanja. Maso anayamba kulemera. Zilembo zinkaoneka ngati nyerere zoyenda pang'onopang'ono.

Kenako anamva fungo. Linali fungo la thabwa lopalidwa kumene, lija lokoma, lotsekemera pang'ono. Anadabwa. Mashelefu onse m'chipindamo anali akale.

Pachitseko panamveka kugogoda. Go. Go. Go. Sikunali kugogoda kwa munthu wofulumira. Kunali ngati kwa munthu amene akuyesa thabwa kuti amve ngati lauma.

"Odi."

"Ndani?"

"Ndine, mwananga. Sindichedwa."

Mawuwo anali ofatsa kwambiri moti mantha sanapeze polowera. Namabuku anatsegula. Pakhomo panaima bambo wokalamba, wamfupi, wa mapewa otakata. Anavala jekete yakuda yosita bwino, koma kukhutu kwawo kunali pensulo yaifupi. Chipewa anagwira m'manja.

"Alonda akutsegulirani?" anafunsa Namabuku.

"Sindinafune kuwavutitsa."

Analowa. Anayenda m'mbali mwa mashelefu akusisita matabwa ndi chikhatho, monga munthu asisita ng'ombe yake. Pa shelefu ina anaima, naigwedeza pang'ono, n'kupukusa mutu.

"Iyi ikufuna msomali kumbuyo. Kodi mabuku a ana osadziwa kanthu mumaika pati?"

"Pansipo, bambo. Aja a timapepala tobiriwira. Mukufunira mdzukulu?"

Mkuluyo anapotokola chipewa chawo. Anayang'ana pansi.

"Ndikufunira ine."

Namabuku sanaseke. Anali ataonapo manyazi otero pankhope za makolo ambiri, aja amene ukawapatsa cholembera amati aiwala magalasi. Anawakokera kampando ka ana, popeza panalibe mpando wina. Kampandoko kankalira ngakhale pokhalapo kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi. Mkuluyo anakhalapo, ndipo sikanalire.

"Manambala ndimawadziwa," anatero. "Munthu sungapale thabwa osadziwa manambala. Koma zilembo zinandilambalala. Pali mawu ena amene ndikufuna kuwamva."

Anachotsa pensulo kukhutu, natenga pepala loyera pathebulo. Anayamba kujambula. Sankalemba monga alembera anthu. Chilembo chilichonse ankachimanga: mzere woima, mzere wopingasa, kona yoyeza bwino. Zinatuluka zilembo zazikuluzikulu, zowongoka ngati zosema.

Namabuku anasendera kuti awerenge, koma mkuluyo anaphimba pepalalo ndi dzanja.

"Ayi, mwananga. Moyo wanga wonse anthu akhala akundiwerengera. Makalata, mankhwala, zikwangwani. Munthu akamakuwerengera, amasankha zoti umve. Awa ndikufuna ndimve ndekha."

Namabuku anayang'ana katoni yotsala ija, nayang'ana nkhope ya mkuluyo. Anagwada pa shelefu ya pansi, nasolola buku lopyapyala la zithunzi, loyamba pa onse.

"Ichi ndi a."

"A," anatero mkuluyo. "Chili ngati denga la nyumba lokhala ndi mtanda."

"Ichi ndi t."

"Mzati ndi phaso. Ndiye zikakumana?"

"Ta."

"Ta, te, ti, to, tu," anamaliza okha, n'kumwetulira. "Nyimbo imeneyi ndinkaimva pawindo ndikamakonza madesiki. Zaka ndi zaka. Sindinkadziwa kuti ili ndi nkhope."

Anapitiriza. Buku loyamba linatha, anatenga lachiwiri. Chala cha mkuluyo, chokhuthala ndi chodzaza zipsera, chinkayenda pansi pa mawu ngati nkhono. Akalakwa ankaseka, nabwerera. Akakhoza ankagogoda thebulo kawiri. Namabuku anamva ngati chipinda chonse chikuyandama. Makoma anapita kutali. Mashelefu anatalika mpaka kulowa mumdima wa kudenga. Sankadziwa ngati padutsa ola limodzi kapena chaka.

Mpamene anayamba kuona tinthu tina. Kandulo ija inali ikadali theka, monga momwe anaiyatsira. Mkuluyo ankatchula "pa" ndi "pha" pakamwa pali pafupi ndi lawi, koma lawilo silinkagwedezeka. Pakhoma panali chithunzithunzi cha mutu wa Namabuku, cha katoni, cha botolo la guluu. Cha kampando kaja chinalipo. Koma cha munthu wokhala pakampandopo panalibe.

Namabuku anafuna kuitana mlonda, koma analeka.

"Bambo," ananong'ona, "mawu amenewa munawaona kuti?"

"Ali kumutu kwanga. Ana anga aika sabata yathayi, pamwala." Anapuma. "Ndinali bambo wolimba, mwananga. Ndinkawadzutsa kusanache. Mwana akajomba kusukulu ndinkamugoneka ndi njala. Sindinawauzepo mawu okoma ngakhale tsiku limodzi. Tsopano alemba, ndipo aliyense wodutsa amawerenga, ena amaima nthawi yaitali. Ine ndekha mwini wake sindidziwa ngati andidalitsa kapena andineneza."

Chitseko chinali pafupi, mapazi asanu okha. Namabuku akanatha kuthawa. Koma dzanja la mkuluyo linali likadali papepala lija, ndipo iye anali asanasiyepo mwana pakati pa mawu.

"Chotsani dzanjalo," anatero. "Ine ndikhala chete. Yambani kumanzere."

Mkuluyo anachotsa dzanja. Anaika chala pa chilembo choyamba.

"A... ta... te. Atate." Anadzutsa mutu. "Ndi ine ameneyo?"

"Ndinu. Pitirizani."

"A... thu. Atate athu. Sa... na... le... mbe... po. Sanalembepo dzi... na la... wo."

Anaima. Mapewa awo anagwa.

"Sanalembepo dzina lawo. Ndinadziwa. Andiyalutsa pamaso pa dziko lonse."

"Chiganizo sichinathe, bambo. Kachizindikiro kokhala ndi mchirako kakutanthauza kuti mupume pang'ono, koma musachoke."

Chala chinabwerera papepala.

"Ko... ma. Koma a... na... ti..." Apa panavuta. Anayesa "pu". Anayesa "fu". Namabuku analuma mlomo kuti asawathandize. Anangotsegula buku lachiwiri lija, naloza chithunzi cha phiri.

"Phi... ri. Phi. Phu! A-na-ti-phu-nzi-tsa. To... nse."

Anabwereza chiganizo chonsecho, pang'onopang'ono. Anabwerezanso kachitatu, osaloza ndi chala.

"Atate athu. Sanalembepo dzina lawo, koma anatiphunzitsa tonse."

Mkuluyo sanalire mokweza. Anangophimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Patapita nthawi anapinda pepala lija kanayi, naliika m'thumba la pamtima. Mabuku awiri aja anawabwezera pa shelefu ya pansi, misana yake kuifananitsa bwinobwino ndi anzake.

"Zikomo, aphunzitsi," anatero.

Namabuku anafuna kuyankha, koma tulo tinamugwira ngati madzi ofunda.

Anadzidzimuka ndi kugogoda kwa mlonda pawindo. Kunja kunali kutayera. Tsaya lake linali pathebulo, kapepala kachikasu katamatirira pachibwano.

"Madamu! Ine ndimati munatulukira kwina. Mng'ono wanu ali kugeti, maso ali psuu."

"Bambo aja atuluka nthawi yanji?"

"Bambo ati?"

Anawafotokoza: msinkhu, jekete, pensulo ya kukhutu. Mlonda anazimitsa tochi imene inali ikuyakabe m'manja mwake, nabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Geti sindinatsegulire munthu. Koma amene mukunenawo ndi akalipentala. Ndi amene anakhoma mashelefu amenewa, inu musanabwere pano. Tinawaika m'manda chaka chatha."

Pofika nthawi yopuma nkhani inali itazungulira sukulu yonse. Ahedi anati n'kutopa, namuthandiza kumaliza katoni ija. Aphunzitsi ena anati fungo la guluu limalotetsa. Amayi osesa anati iwo anayamba kale kumva munthu akuyenda mmenemo, n'chifukwa chake sasesamo okha. Namabuku sanatsutse aliyense. Anangofunsa kumene kumakhala ana a akalipentala.

Anamuuza kuti mwana wawo wamkazi ndi namwino pa kachipatala ka kuseri kwa msika. Loweruka anapitako. Anadikira pabenchi mpaka mzere wa odwala utatha. Namwinoyo anali mayi wamfupi, wa mapewa otakata.

"Pepani, mayi, sindikudwala. Ndimaphunzitsa kusukulu kumene bambo anu ankakonza madesiki. Ndingafunse zimene munalemba pamwala wawo?"

Namwinoyo anamuyang'ana modabwa, koma ananena. Mawu ake anali omwewo, osasiyana ngakhale chilembo chimodzi.

"Tinakangana nawo mawu amenewo," anapitiriza, akupinda nsalu yoyezera kuthamanga kwa magazi. "Achimwene ankati tingolemba dzina ndi zaka. Ankati, mukulembera ndani, poti eni ake sankawerenga? Ine ndinakakamira. Ali moyo tinkawaopa kwambiri. Palibe mmodzi wa ife amene anawauzapo zikomo. Mpaka lero ndikagona zimandidya."

Namabuku anagwira dzanja la namwinoyo. Kunja mwana wina ankalira, ndipo wina ankakankha njinga ya odwala.

"Anawerenga," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Anawerenga okha. Anavutika pang'ono pa phu, koma anafika mpaka kumapeto."

Namwinoyo anapita kuchitseko, nauza wodwala amene anali atangofika kuti adikire kaye. Anatseka, nakhala pansi moyang'anana ndi Namabuku.

"Yambani poyambirira," anatero. "Anavala chiyani?"