Madontho Atatu pa Mapu a Zikani

Tsiku limene Tithokoze anakumana ndi Zikani, dzuwa la ku Chiromo linkaotcha ngati pali amene walilakwira. Mtsikanayu anali atakhala m'chipinda china pa sukulu ya pulayimale pamodzi ndi achinyamata ena khumi ndi awiri, onse akulimbirana ntchito imodzi yomasulira Chisena.

Olemba ntchitowo anali aphunzitsi atatu a ku yunivesite ina ya kumtunda, aliyense ndi misala yakeyake. Mayi Jacqueline, a imvi m'mutu, ankafufuza nyimbo zimene amayi amapeka madzi akasefukira. Bambo Eric ankatola nkhono m'mathamanda pofufuza za likodzo. Wachitatu, wamng'ono pa onsewo, anati dzina lake ndi Dokotala Zikani ndipo amaphunzitsa za nsomba.

Tithokoze anaseka mosafuna. Dokotala wa nsomba? Kodi mlamba nawo umadwala malungo?

Zikani anakumva kusekako. M'malo mokwiya, anamuuza kuti atchule nsomba za m'dambo zimene ankazidziwa. Mtsikanayo anatchula khumi ndi zisanu ndi ziwiri osapumira, n'kuwonjezerapo miyezi imene iliyonse imaswana. Mwana wa a Paison, msodzi wodziwika pa doko lonse, akanalephera bwanji? Ntchito anaipeza, ndipo mtima anautaya tsiku lomwelo.

Milungu itatu anayenda limodzi m'madoko, iye akufunsa, Tithokoze akumasulira. Zikani anali wa pakamwa potsekemera. Anamutcha "Kakombo wanga", ati chifukwa duwa limenelo limamera m'matope koma silida. Atabwerera kukaphunzitsa, mauthenga sankaphonya tsiku.

"Kakombo wanga, lero ndaphunzitsa ana mazana awiri, koma m'maso mwanga munali iwe wekha. Wadya?"

Netiweki kwawo inkagwira pachulu cha kuseri kwa nyumba basi. Chulu chimenecho chinasalala ndi mapazi a Tithokoze, mpaka amayi ake anafunsa ngati wayamba bizinesi ya ngumbi.

Koma panali chinthu chimodzi chimene Zikani ankachifuna kupatula mtsikanayo.

Nsomba zinali zitachepa m'dambo. Asodzi ankabwerako ndi timakakana tonga zala, pamene a Paison ankatsitsa makakana odzaza chikhatho. Anthu ankati ndi mankhwala, iwo n'kumangoseka. Zoona zake zinali zoti mkati mwa mabango, kumene aliyense ankayesa kuti bwato silingadutse, munali dziwe lakuya limene bambo awo anawasiyira. Njira yake inali yokhotakhota, ndipo zizindikiro zake zinali mfundo zomangidwa pa masamba a bango. Ankavuulako pang'ono, ndipo nthawi yoswana sankapondako n'komwe. Banja lonse linkadya, kuvala ndi kuphunzira chifukwa cha dziwe limenelo.

Odziwa njira anali awiri okha, a Paison ndi mwana wawo mmodzi yekhayo. Tsiku limene anamuonetsa, anamuuza kuti ngakhale mwamuna wake asadzamuuze mpaka atabereka naye ana atatu. Anaziyankhula moseka, koma maso awo sankaseka.

Zikani anaziona nsomba za a Paison pa doko, anaziyeza, n'kulemba m'kope lake. Atabweranso mwezi wotsatira anafunsa Tithokoze kumene zimachokera. Mtsikanayo anakana. Anafunsanso mawa lake, anakananso. Ndiye mauthenga anaduka.

Masiku anayi Tithokoze ankakwera pachulu n'kutsika chimanjamanja. Kodi walakwa? Kodi munthu wophunzira chotere, wosiya atsikana onse a m'tauni n'kudzakonda mwana wa msodzi, angamuchite chipongwe chanji?

Tsiku lachisanu foni inanjenjemera.

"Ndimafuna kubwera ndi akwathu kudzaonekera kwa bambo ako. Koma ngati sungandikhulupirire pa dziwe, udzandikhulupirira bwanji pa banja? Ndikungofuna kuona ndi maso, Kakombo. Ndikulumbira, sindidzauza munthu."

Anawerenga kasanu, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Anasankha Lamulungu m'mawa, makolo ali ku tchalitchi. Tithokoze sanali wopusa ayi. Analamula kuti kope ndi kamakina kachikasu kolembera malo zitsale kumtunda, ndipo Zikani anazisiya mokondwa, n'kutembenuza matumba a buluku kuti aone kuti mulibe kanthu. Foni yokha ndi imene inali pakhosi pake, m'kapulasitiki. Imeneyo Tithokoze sanaiwerengere. M'dambo mulibe netiweki, ndipo iye ankadziwa kuti foni yopanda netiweki ndi tochi chabe.

Atafika pa mfundo yoyamba, polowera m'mabango, Zikani anamupempha kuti aime kaye. Anati dzuwa lamuwalira bwino kumaso, akufuna amujambule. Tithokoze anakonza duku, n'kumwetulira mwamanyazi.

Pakati pa ulendo, pamene njira inagawikana patatu, anamuimitsanso.

"Siya kaye nkhafiyo, ndikuyang'ane," anatero motsitsa mawu. "Ndayenda mayiko, ndawerenga mabuku osawerengeka, koma sindinaonepo chinthu chokongola ngati iwe ukupalasa bwato. Udzakhala mkazi wanga?"

Tithokoze anavomera ndi mutu.

Kachitatu anaima padziwe penipeni. Madzi anali bata, akakombo ali mbuu, nsomba zikuphulika pamwamba. Zikani anamugwira dzanja n'kumulonjeza kuti ana awo adzabwera pano ndi agogo awo. Dzanja linalo linali pafoni, ati akuona nthawi kuti asachedwe.

Patapita miyezi iwiri kunabwera kalata. Aphunzitsi aja ankaitana makomiti a asodzi ku holo ya pa boma ku Chikwawa kuti akamve zimene kafukufuku wapeza, ndipo womasulira anali Tithokoze. Mauthenga a Zikani anali atafupika masiku amenewo, koma iye anati ndi ntchito. Anasita diresi yake ya buluu, n'kukwera minibasi pa Bangula pamodzi ndi bambo ake, amene anavala jekete la ku tchalitchi. Mumtima ankati mwina lero ndi lero, Zikani awayankhula.

Holo inadzaza. Mayi Jacqueline anayamba, n'kuimbitsa nyimbo zimene anajambula, akutchula dzina la mayi aliyense amene anaipeka, ndipo anthu anaomba m'manja. Bambo Eric anaonetsa nkhono zawo, anthu n'kunyansidwa. Tithokoze ankamasulira mosadodoma, maikolofoni ili m'manja.

Kenako anaimirira Zikani, atavala tayi, ndipo pakhoma panaoneka mapu a dambo.

Pakati pa zobiriwira panali mzere wofiira wokhotakhota. Tithokoze anauzindikira msanga ngati mmene munthu amazindikirira dzanja la mayi ake. Kukhota kulikonse kunalipo. Pamzerewo panali madontho atatu achikasu: loyamba polowera, lachiwiri pamphambano, lachitatu padziwe.

Zikani anafotokoza monyadira kuti gulu lake latulukira malo obisika oswanirana nsomba. Anati foni za masiku ano zimalemba njira yonse imene munthu wayenda ngakhale kulibe netiweki, ndipo madontho atatuwo ndi pamene anaima kuti makina awerenge malo molondola. Anapempha kuti dziwelo litsekedwe zaka zisanu. Atatero anatembenukira kwa Tithokoze kudikira kuti amasulire.

Panalibe chomasulira. Asodzi anali ataimirira kale, mafoni m'mwamba, akujambula khoma. Ena ankalozerana, ena ankaseka kuti mankhwala a Paison aja ndi amenewa. Pamzere wachitatu a Paison anavula chipewa, n'kuchiika pabondo. Sanayang'ane mapu. Anayang'ana mwana wawo.

Tithokoze anaika maikolofoni patebulo n'kutuluka.

Zikani anamupeza pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwa holo. Anayankhula zambiri, mwaluso ngati ali m'kalasi. Anati dziwe likatetezedwa nsomba zidzabwerera m'dambo lonse, ndipo anthu zikwi adzapindula. Anati dzina lake sanalitchule pofuna kumuteteza. Anati pa yunivesite munthu wosatulutsa zolemba sakwezedwa, ndipo kukwezedwako n'kwa banja lawo lomwe. Anamutchanso Kakombo.

"Musanditchule choncho," anatero Tithokoze. Aka kanali koyamba kumupatsa ulemu wa mlendo chiyambire chibwenzi. "Ndili ndi funso limodzi, a Dokotala. Pamphambano paja, pamene munati ndisiye nkhafi, munkayang'ana ine kapena munkadikira foni?"

Zikani anayang'ana nsapato zake.

"Zonse ziwiri, Thoko," anatero pamapeto pake.

"Takhuta," Tithokoze anathokoza mu Chisena cha kwawo. "Bola mwanena zoona kamodzi."

Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita. Anadutsa minda ya nzimbe ya pa Nchalo bambo ndi mwana atakhala mpando umodzi, osayankhulana. Tithokoze ankalakalaka atamukalipira, atamutukwana, ngakhale kumuthamangitsa pakhomo. Chete ameneyu ankapweteka kuposa ndodo.

Lachitatu m'mawa a Paison anamudzutsa n'kumupatsa nkhafi. Tithokoze sanafunse kumene akupita.

Mfundo yoyamba sanaipeze. Mabango anali atagwetsedwa ndi zikwanje, njira ili yotakasuka ngati msewu wa ngolo. Lamulo lotseka dziwe linali lidakali m'mapepala ku maofesi, koma zithunzi za mapu zinali zitafika doko lililonse. Asanafike n'komwe anamva phokoso la anthu. Padziwe panali mabwato oposa makumi awiri, ena akukoka maukonde a udzudzu amene sasiya ngakhale kamwana ka nsomba. Madzi anali atasanduka matope, akakombo atazulidwa akuyandama chagada.

A Paison anayang'ana nthawi yaitali. Msodzi wina anawapatsa moni wachipongwe, iwo anayankha mwaulemu.

"Baba, ndine," anatero Tithokoze, misozi ikugwera pankhafi. "Ndinamubweretsa ndine. Ndikhululukireni, ndakuphera dziwe lanu."

"Ndinadziwa m'holo muja," anayankha osatembenuka. "Mzere uja unakhota mmene umakhotera iwe. Anakulonjeza chiyani?"

"Ukwati, Baba."

A Paison anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu n'kuona kuti sanamubere kwambiri. Kenako anatembenuka, ndipo Tithokoze anaona kuti maso a bambo ake, amene sanalire ngakhale chaka chimene madzi anatenga nyumba yawo, anali atafiira.

"Silinali langa, mwananga. Ine ndakalamba, ndikanadya nsomba zingati? Ndinkasungira iwe."

Pobwerera, atayandikira doko, foni inanjenjemera m'chitenje. Netiweki inali itagwira. Tithokoze anaitulutsa n'kuwerenga.

"Kakombo wanga, zolemba zija azilandira, ndipo andiitana kunja kukafotokoza za dziwe lathu! Chonde ndiyimbire."

Dziwe lathu? Anayang'ana mawuwo mpaka anasungunuka m'misozi. Kutsogolo kwa bwato bambo ake anali atawerama, akukapa madzi ndi chigubu chodula, mono wopanda kanthu uli pamapazi awo.

Tithokoze anazimitsa foni, n'kutola nkhafi.