Makiyi Atatsala Patebulo

Makiyi atagwa patebulo kuti khwe! aliyense m'chipinda chamisonkhano anadziwa chotsatira, kupatula mtsikana mmodzi yekha.

"Ine ndatopa," anatero wapampando wa bodi yoyang'anira sukulu, akupukuta magalasi awo ndi tayi. "Zaka makumi awiri ndi zitatu si masewera. Sankhani wina, ndikapume."

Mkuluyu ndi amene anayambitsa sukulu yoyima payokhayi m'galaja ya nyumba yawo, ndi ana asanu ndi anayi. Ophunzira ankawatchula Agogo Makiyi, chifukwa makiyi onse, a laibulale, a labotale, ngakhale a kabati ya choko, ankalendewera palamba wawo. Tsiku limene miyendo yawavuta, laibulale inkakhala yotseka mpaka madzulo.

Koma kutopa kwawoko kunali sewero la chaka ndi chaka. Akaponya makiyi, mayi wina wa m'bodimo, namwino wopuma pantchito, ankagwira pamtima n'kunena kuti, "Ayi bambo, musatisiye amasiye." Mlembi, yemwe anali mng'ono wawo wa agogowo, ankavomereza. Akatero agogo ankausa moyo, n'kutola makiyi aja akuti, "Poti mwandikakamiza." Kenaka tiyi ankabwera.

Chaka chimenechi bodi inalola kuti mkulu wa ophunzira azikhala nawo pamsonkhano. Anali mtsikana wa Folomu 4 amene anzake ankamutcha Kabuku, poti sankasiyana ndi kope m'manja. Ahedi anamulangiza kusita yunifolomu ndi kusatafuna chingamu, koma za sewero lija anaiwala kumuuza.

Namwino asanatsegule pakamwa, Kabuku anali ataima kale, maso ali ndi misozi.

"Agogo, m'malo mwa ophunzira onse, zikomo kwambiri. Timakuonani mukukwera masitepe movutika, ndipo zimatimvetsa chisoni. Kapumeni ndithu, mwagwira ntchito yaikulu."

Atatero anayamba kuomba m'manja. Anaomba yekha kanayi, kachisanu manja anangouma m'mwamba.

Ahedi anayesa kumuponda phazi kunsi kwa tebulo, koma anaponda la mlembi, yemwe anapirira osalira. Mayi amene ankalowa ndi tiyi anabwerera chafutambuyo ndi thireyi yake. Agogo Makiyi anasiya kupukuta magalasi awo. Chiyambire sukuluyi, panalibe amene anawauzapo kuti akapume.

Anatembenukira kwa namwino, kudikira mawu aja a chaka chilichonse. Namwino anayang'ana zenera losweka limene linamatidwa ndi katoni chaka chathachi, nati, "Mwanayu wanena bwino. Ine ndikugwirizana naye."

"Mwati chiyani, mayi?"

"Ndati kapumeni, bambo."

Thukuta linayamba kutsika pachipumi pa agogo. Anacheukira mng'ono wawo. "Iwe, ulibe mawu?"

"Achimwene, ndalemba kale kuti mwatula pansi udindo."

"Fufuta!"

"Ndalemba ndi bolopeni, achimwene."

Apa m'pamene mkwiyo wonse unagwera Kabuku. Agogo anamuloza ndi chala. "Wakutuma ndani? Kamwana ka dzulodzuloli, kondichotsa ine pasukulu yomwe ndinamanga ndi manja angawa?"

Kabuku anachita mantha kwambiri moti kope lake linagwa pansi. Anayang'ana ahedi, koma ahedi anali otanganidwa kuwerenga zala zawo.

"Sanandituma munthu, agogo. Mwanena nokha kuti mwatopa." "Lolemba lililonse pa asembule mumatiuza kuti munthu amayezedwa ndi mawu ake. Ndiye ine ndinakukhulupirirani. Kodi... simumanena zoona?"

Sanafunse mwachipongwe. Anafunsa ngati mwana amene akufunadi kudziwa, ndipo n'chimene chinawalasa agogo. Dzanja lawo linali litafika kale pa makiyi aja. Kungowatola, akanabwerera pampando, ndipo palibe akanalimba mtima kuwalanda. Koma mtsikanayo akanatuluka m'chipindamo akudziwa yankho la funso lake, ndipo Lolemba akanaima kutsogolo kwa mzere kumva mawu omwe aja.

Dzanja lija linabwerera pang'onopang'ono, lopanda kanthu.

"Mwakhala mukufuna kundiuza zimenezi kwa nthawi yaitali bwanji?" anafunsa agogo motsitsa mawu.

"Zaka zisanu ndi chimodzi," anayankha namwino.

"Zisanu ndi chimodzi! Nanga mumandinyengereranji?"

"Tinkaopa kukukhumudwitsani, achimwene," anatero mlembi. "Inunso simunafunsepo kawiri."

Zinawapweteka agogo, ndipo sanabise. Kenaka anaseka kaphwete kowawa. "Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tola kope lako, mwanawe, ukhale pansi. Sunalakwe."

Chisankho sichinatenge mphindi khumi. Onse anakweza manja kusankha namwino uja, ndipo dzanja lomaliza kukwera, mochedwa ngati likunyamula thumba la simenti, linali la agogo. Agogowo anamukankhira namwino makiyi aja n'kuyamba kufotokoza. "Iyi ndi ya labotale, imafuna kukokera chitseko kwa inu. Iyi musaikakamize, imathyoka."

Wapampando watsopanoyo sanawapachike palamba. Anawamasula pamphete imodziimodzi. Ya labotale inapita kwa ahedi kuti akapatse mphunzitsi wa sayansi, ya kabati ya choko chimodzimodzi. Ya laibulale anaiika m'dzanja la Kabuku.

M'mawa mwake, mwachizolowezi, agogo anafika pasukulu seveni isanakwane. Kwa nthawi yoyamba palibe anawamva akubwera, poti panalibe makiyi olira. Atafika pakhomo la laibulale, dzanja linapita lokha palamba, osapezapo kanthu. Chitseko chinali chotsegula kale, ndipo mkatimo munadzaza ana, ena atakhala pansi chifukwa mipando inali itatha. Sankadziwa kuti ana okonda mabuku anali ochuluka chonchi.

Anagogoda pachitseko chotsegulacho.

Kabuku anadzutsa mutu, nadzidzimuka. "Agogo! Lowani."

"Pali malo a munthu wopuma?"

Mtsikanayo anaima, n'kuwapatsa mpando wake.