Hiliyamu wa Kaiti ya Biswick

Biswick analowa mu shopu ya zibaluni ku Lewisham atabereka chikwama chachikulu ngati akusamuka. Linali Loweruka la mu Meyi 2006, ndipo Effie anali yekha pa kauntala. Mkati mwa sabata mtsikanayu ankaphunzira unamwino ku Greenwich, Loweruka n'kumapopa zibaluni za maphwando.

Mnyamatayo anawerenga kabaji ka dzina lake n'kumwetulira. "Effie Kachingwe? Ndinu akumudzi?"

"Akumudzi ndithu. Tikuthandizeni?"

Anatsegula chikwama chija. Munali kaiti ya panyanja, ija imakoka munthu ataima pa kathabwa. M'mphepete mwake muli chubu chopopamo mpweya kuti ilimbe.

"Mundiikire hiliyamu m'chubumu. Mphepo ikachepa, izikwera yokha."

Effie anaseka mpaka kugwira kauntala. Za hiliyamu, mpweya wopepuka wokweza zibaluni uja, munthu sakanamunamiza, ankaupopa sabata ndi sabata.

"Achimwene, kaiti yanuyi ndi makilo atatu, chubu chake n'chaching'ono. Hiliyamu wolowa umu akalimbikira anyamula kachokoleti kamodzi basi. Ndiponso amathawa msanga, mawa mupeza chubu chitafota. Musadzivute!"

"Kukongola konseku, nzerunso zili pompo? Apa Mulungu anakondera."

Mawu otere Effie anali atawamva kambirimbiri m'mabasi a mu London, koma tsiku limenelo anamufika pamtima. Nambala anapereka.

Poti Biswick anali wa makani, Lamlungu lina anakayesa pa bwalo la Blackheath, Effie akuonerera. Anapopa hiliyamu, n'kudikira. Kaiti inangoti phwathalala pa udzu ngati bulangete loyanika.

"Wapambana, dokotala wanga," anatero Biswick akumugwira dzanja. "Kuyambira lero zonena iwe ndi lamulo."

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Duwa langa, wadzuka? Ine mtima ukuuluka popanda hiliyamu." Tsiku lina unabwera uthenga womwe Effie anauwerenga mpaka kuuloweza: "Chaka chino chisanathe ndikaonekera kwa amalume ako. Ndiwe wanga, palibenso wina."

Ndani sakanakhulupirira? Effie anaimbira mayi ake ku Zomba, iwo n'kululutira pa foni. Anamukonda mnyamatayo ndi mtima wonse, osasiyako.

Mu Seputembala Biswick anaimba. "Bebi, ndipezere silinda yaikulu ya hiliyamu pa weekend. Ndikufuna ndiyesenso pa kaiti. Dalaivala wa pa shopu akasiye kwa mnzanga Weston ku Ilford, adiresi ndikutumizira."

"Silinda yaikulu?"

"Eya. Iwe ndiye boss wa zimenezi."

Effie anaika foni pansi, mutu uli wiriwiri. Munthu anaona ndi maso ake kuti sizigwira, lero ayesenso chiyani? Ndipo chubu cha kaiti sichitha ngakhale kasilinda kakang'ono. Yaikuluyo imadzaza zibaluni mazana! Kaiti yanji imeneyo?

Sanamufunse. Loweruka m'mawa anakwera iye mwini vani ya pa shopu pamodzi ndi dalaivala, silinda ili kumbuyo.

Adiresi ija sinali nyumba ya Weston. Inali holo ya tchalitchi. Azimayi a zitenje zofanana anali yakaliyakali kuyala matebulo. Mayi wina wachikulire anabwera akupukuta m'manja.

"Mwabweretsa mpweya wa zibaluni? Mwachita bwino, mwanangu, timadikira inu. Ine ndi Anti Beatrice, azakhali a mkwatibwi."

"Kuli chiyani kuno, anti?"

"Chinkhoswe! Maureen wathu ndi Biswick. Mnyamata wa ulemu zedi. Anati za hiliyamu tisavutike, ali ndi kamtsikana kena pa shopu kamamuthandiza."

Kamtsikana kena! Zinamuwawa kwambiri, kuwawa kwenikweni, koma misozi anaikaniza.

Nthawi yomweyo Biswick anatulukira atanyamula mipando iwiri. Atamuona, mpando umodzi unagwa.

"Effie... bebi, ndikufotokozera. It's complicated. Ndi zakumudzi izi, makolo ndi amene..."

"Kaiti ili kuti, a Biswick?"

"Tiye panja kaye, please."

"Ndafunsa kaiti."

Biswick anawerama kutola mpando unagwa uja.

Effie anatulutsa foni, n'kutsegula uthenga wa lonjezo uja. Anaupereka kwa Anti Beatrice ndi manja awiri, monga anamulerera mayi ake.

"Pepani anti, ine sindinabwere kudzasokoneza mwambo. Koma inu ndi akulu. Werengani, muonenso deti yake. Maureen sanandilakwire, ayenera kudziwa asanavale mphete."

Anti Beatrice anavala magalasi. Anawerenga kamodzi, n'kubwerezanso. Kenako anatembenuka.

"Peggy, siya matebulowo. Kandiitanire Maureen ndi ankhoswe onse. Pompano!"

Effie analandira foni yake n'kuuza dalaivala kuti silinda isatsike. Biswick anamuthamangira mpaka pa vani, thukuta lili kamukamu.

"Effie, wandiphatu! Tsono anthu onsewa ndiwauza chiyani?"

"Auzeni zomwe munkandiuza ine. Mumatha."

Anatseka chitseko. Vani itakhota pa msewu waukulu, m'pamene analira, kulira kosabisa, dalaivala n'kuzimitsa wailesi. Atafika pa maloboti achitatu anapukuta maso, natenga foni n'kuimba ku Zomba.

"Amama, muwauze amalume asadikire mlendo. Kulibe akubwera."

"Iwe uli bwino, mwanangu?"

"Ayi, amama. Koma bodza lake ndalitulukira ndekha, asanalowe m'nyumba mwathu."