Mpando wa Kumanzere

Izi si zopeka ayi. Woonetsa kanema alipo, mayi wosesa alipo, onse akuyenda ndi miyendo yawo. Kawafunseni.

Mwana wa mchimwene wanga, amene timamutchula kuti Namagalasi, amalemba za mafilimu m'nyuzipepala. Mkonzi wake anali atatopa naye.

"Zolemba zanu zili ngati kapepala ka m'bokosi la mankhwala," anamuuza. "Filimu yatsopano ya kazitape yafika. Mukailembanso mozizira, ndikusamutsirani ku zidziwitso za maliro."

Tsoka lake, kazitape ameneyu anayamba kuwombera anthu ine chiuno chikadalipo, ndipo osewera asinthanasinthana ngati malaya. Namagalasi anali asanaonereko ngakhale imodzi mwa mafilimu akalewo.

Olemba nkhani amaonetsedwa filimu paokha anthu asanayambe kulowa. Iye anasokoneza tsiku. Woonetsa kanema anamumvera chisoni, namuikira yekhayekha masana, dzuwa lili pamutu. Anakhala pakati pa holo, kope pamwendo, pakuti anthu a ntchito imeneyi amalemba mumdima osayang'ana.

Magetsi anazima. Kazitape analumpha pasitima yothamanga, nagwera panjinga yamoto, tayi osakhota. Namagalasi analemba kuti, "Amalumpha kwambiri." Basi, mutu unauma.

Kenako mpando wa kumanzere unalira. Kwiii.

Mipando ija imadzipinda yokha ngati palibe wokhalapo. Uwu unatsika.

Panamveka fungo la polishi wa nsapato, ndi la jekete logonera m'sutikesi.

"Akuthamanga kwambiri mwanayu," ananong'ona mawu a bambo wachikulire. "Woyamba uja sankathamanga. Bomba liphulike kumbuyo, iye akukonza batani."

Namagalasi anafuna kutembenuka. Khosi linakana.

"Pepani, ndinu ndani?"

"Lembani, mayi. Chikubwerachi n'chabwino."

Namagalasi anagwira cholembera, nalemba.

"Taonani maso ake. Uyu ndi woyamba kuopa imfa. Enawo ankadziwa kuti filimu ndi yawo."

Analemba.

"Mdaniyu ndi wofooka, amalankhula ngati mlaliki wothawidwa ndi mpingo. Koma mtsikana woyendetsa galimotoyo, ameneyo ndiye wasenza filimu yonse."

Mfuti zinalira. Zitangosiya, anamva mpweya pakhutu. Mpweya wa munthu umafunda. Uwu ayi.

Kazitape anagwada pamanda a mnzake. Kumanzere kuja wina anamina chapansipansi, ngati munthu wobisa misozi.

Magetsi anayaka.

Mpando unali chitsikire. Popanda munthu.

Kenako unadzuka pang'onopang'ono, ngati nkhalamba ya mawondo owawa.

Liwiro limene analiyatsa mwana ameneyu, kazitape akanachita manyazi. Pakhomo anagwira woonetsa kanema pamkono.

"Achimwene, mwalowetsa ndani?"

"Inu nokha. Ndakiya ndekha, makiyi ndi awa."

Mayi wosesa anaimika tsache. "Mzere wachisanu ndi chiwiri?"

"Eya."

Anangogwedeza mutu, napitiriza kusesa.

Mantha ndi mantha, koma ntchito ndi ntchito. Namagalasi anafika kuofesi nsapato zili m'manja, nalemba osamwa ngakhale madzi. Mkonzi anawerenga chiimirire, nakhala pansi, nawerenganso.

"Mayi, zimenezi munkazibisa kuti?"

Anamupatsa tsamba lonse, chithunzi chake pamwamba, magalasi waliwali! Mafoni analira sabata yathunthu, madoda akulumbira kuti wolembayo anakula ndi mafilimu amenewa. Zidziwitso za maliro zinagwera wina.

Koma mwana wathu tinamulera bwino. Anatenga nyuzipepala ija, nakaiika pampando uja, nanena "zikomo, bambo" mwendo umodzi uli kale panja. Holo inakiyidwa.

M'mawa mwake mayi wosesa anaipeza itapindidwa bwinobwino. Pambali pa ndime yachitatu panali mawu a pensulo, zilembo zopendekera zachikalekale:

"Mwayesetsa. Koma galimoto inali yotuwa, osati yakuda."

Woonetsa kanema anabweza filimu kuti aone.

Inali yotuwa.